Achikulire ofuna banja pa intaneti, yambani mwaona mtunda

A Mkonzi,

Tikulemba ngati anthu amene timagwira mafoni a ena tsiku ndi tsiku kuno ku Mangochi, ena okonza, ena ma ejenti otumiza ndalama. Kufuna banja kudzera pa intaneti si kwa achinyamata okha ayi. Aphunzitsi opuma pantchito, amayi amasiye, abambo amene banja lidatha kalekale, nawonso alowamo, ndipo palibe chochititsa manyazi. Chovuta n'chakuti ambiri amalowa mobisa poopa kusekedwa ndi ana awo, ndiye amangotola pulogalamu imene yawatulukira pa Facebook ili ndi chithunzi cha agogo awiri akumwetulirana. Safunsa adadya phula. Tiloleni tifotokoze zoyenera kuyang'ana.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: kodi m'pulogalamumo muli anthu amene kwawo mungakufike? Alipo malo amene adapangidwira a zaka 50 kupita m'tsogolo, monga OurTime ndi SilverSingles, ndipo wachikulire akangomva zimenezo amati ndi pomwepa. Koma anthu ake ambiri ali ku America ndi ku Ulaya. Simukapezamo wa ku Namwera kapena ku Malindi. Tinder ndi Badoo amaonetsa amene ali pafupi nanu potengera pamene foni ili, kungoti achinyamata ndiwo achulukamo. Muzz ndi Muslima ndi a Asilamu ofuna nikah, ukwati wa Chisilamu. AfroIntroductions amalumikiza anthu a mu Africa ndi akunja, choncho ambiri okulemberani adzakhala akutali.

Musakhulupirire zotsatsa, yesani nokha. Lembetsani mwaulere, ikani zaka zimene mukufuna, tinene 50 mpaka 65, ndi mtunda wa makilomita 50. Kwa sabata imodzi werengani nkhope zatsopano zimene zikutuluka. Zikakhala zomwezomwezo zitatu kapena zinayi, kulipira sikudzawonjezerapo munthu. Pa Tinder mtunda mukhoza kuukweza mpaka makilomita 160, ndipo kuchoka pa Boma zimenezo zimakufikitsani ku Liwonde, Balaka, Zomba mpaka Blantyre. Muonanso olemba Chipwitikizi a ku Mandimba ndi Lichinga, ndi alendo a ku Cape Maclear amene mawa lomwe akhala atapita. Dziwaninso kuti foni imayeza mowongoka, siidziwa nyanja. Wa ku Monkey Bay amaona wa ku Makanjira ngati wapafupi, pamene pamsewu ndi ulendo wozungulira kudzera pa mlatho wa pa Boma, mtengo wa galimoto wosati masewera.

Pa nkhani ya ndalama m'pamene ambiri amapsa osadziwa. Mapulogalamuwa kulembetsa n'kwaulere, koma zina mkatimo n'zolipira, nthawi zambiri ndi khadi ya kubanki ya Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo wake umatsata dola. Mukalipira mwezi umodzi, mwezi wotsatira amadula okha osakufunsani. Kufufuta pulogalamu m'foni sikuletsa kudulako. Ngati mudalipira kudzera pa Play Store, itseguleni, dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, lowani pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, sankhani pulogalamuyo n'kudina Cancel subscription. Chitani zimenezi tsiku lomwe mwalipira. Masiku amene mwagula mudzawagwiritsabe ntchito mpaka kutha.

Pali mtundu umodzi umene ife tikuti muuthawe osatembenuka: malo amene amagulitsa makobili apaintaneti oti muzilipira pa uthenga uliwonse. Mukangolembetsa, musanaike n'chithunzi chomwe, mauthenga khumi afika kale ochokera kwa anthu okongola zedi, koma kuti muwerenge kapena kuyankha mpaka mulipire. Munthu angakukondeni bwanji asanakuoneni? Kumeneko phindu la eni malo lili pa kutalikitsa macheza, ndiye za kukumana sizidzatheka.

Pulogalamu muitsitse ku Play Store kapena App Store basi, osati pa linki yotumizidwa pa WhatsApp. Ikapempha kamera ndi malo amene muli, n'zomveka. Ikapempha kuwerenga ma SMS, ikanizeni, chifukwa mmenemo ndi mmene mumafikira mauthenga a Mpamba, a Airtel Money ndi manambala otsimikizira a kubanki. Chinanso chimene achikulire ambiri saganizira: foni adakukonzerani ndi mdzukulu, imelo imene ilimo ndi yake, ndiye zambiri zokhudza akaunti yanu zizifika kwa iye. Tsegulani imelo yanuyanu, nambala yachinsinsi muilembe m'kabuku kosungidwa pabwino.

Polemba mbiri yanu, nenani zaka zenizeni, chipembedzo, ndi chimene mukufuna, banja kapena wocheza naye. Musatchule penshoni, maboti, nyumba za lendi kapena ana amene ali ku Joni. Akathyali amasaka mawu amenewa. Chithunzi chikhale cha chaka chino, osati cha paukwati wa mwana wanu woyamba, ndipo chisaonetse geti la nyumba kapena nambala ya galimoto.

Posankha, onaninso ngati pulogalamuyo ili ndi njira yotsimikizira nkhope komanso pomutsekera ndi pomunenera munthu wovuta. Pa Tinder amene adadzijambula kanema kakafupi n'kuvomerezedwa amakhala ndi kachizindikiro kabuluu. Kachizindikiroko kakungonena kuti nkhope ndi yake. Sikakunena kuti alibe mkazi ku Ntaja. Zithunzi zake mukhozanso kuzifufuza: sungani chimodzi m'foni, tsegulani Google, dinani kakamera ka Google Lens, sankhani chithunzicho. Chikatuluka pa masamba ena chili ndi maina osiyanasiyana, nkhani yathera pomwepo. Nambala nayo imaulula. Ya kuno imayamba ndi +265, ya ku South Africa +27, ya ku Mozambique +258, ya ku Nigeria +234. Amene akuti ali ku Zomba koma nambala ndi yakunja afotokoze bwino.

Chichewa cholemba chisakupusitseni, poti Google Translate imachidziwa. Mawu ndiwo ovuta kubera. Sabata isanathe muimbirane pa vidiyo masana, ndipo mumuuze atembenuze mutu kapena akweze zala zitatu. Wonena kuti ali ku Mangochi mumufunse zapafupi, mtengo wa kabaza kuchoka pamsika kukafika kuchipatala, kapena mfumu ya m'mudzi mwawo. Amene kamera yake imakhala yowonongeka sabata ndi sabata, pamene mawu achikondi akusefukira m'mawa ndi usiku, akukukonzekeretsani pempho.

Pempholo limabwera m'njira zodziwika. Wakunja amati wakutumizirani katundu, muli foni, ndolo ndi madola, kenako wina amaimba kuti katunduyo wagwidwa pa Chileka, mutumize ya msonkho pa nambala yakuti. Msonkho wa boma salipira pa nambala ya munthu. Kuno kwathu, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wake ku Joni, bodza lina limagwira msanga: akuti anali m'njira kubwera kudzaonekera kwa abale anu, ndalama zamuthera pa malire a Beitbridge, kapena amutsekera ku Lindela, kumene amasungira opanda mapepala ku Joniko. Amayamba ndi zochepa, ya bandulo, kuti aone ngati dzanja lanu n'lofewa. Munthu amene simunamuone maso ndi maso musamutumizire ngakhale K1,000. Musaperekenso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS, poti akawatenga walanda akaunti yanu ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Zithunzi zosavala ayi ndithu, zaka zilizonse. Zikachitika kuti wina akukuopsezani nazo, kulipira sikumuletsa, amabweranso. Jambulani macheza onse, sungani nambala ndi mauthenga a ndalama, pitani ku polisi ku Victim Support Unit. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti.

Mukakhutira, kumanani masana pamalo pa anthu, osati kunyumba kwanu kapena m'chipinda cha loji. Wina wodalirika adziwe kumene muli, ndipo ya transipoti yobwerera ikhale m'thumba mwanu. Zinthu zikamapita patsogolo, kayezetseni magazi limodzi, m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo mudzabwereze pakatha miyezi itatu. Kusiya kubereka sikuteteza ku HIV.

Pulogalamu ntchito yake imathera pokudziwitsanani. Kuchoka apo ndi za ankhoswe monga kale. Mwini mbumba kapena m'bale wanu apite kwawo kwa munthuyo, akaone nyumba, akalankhule ndi shehe kapena abusa a kumeneko, akamve ngati kuli mkazi kapena mwamuna wina ndi mmene banja loyamba lidathera. Ngati ndi mitala, inenedwe poyera inu musankhe mukudziwa. Wokana kuti abale anu afike kwawo wayankha kale. Ndipo poti kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, amayi amene muli ndi nyumba, munda kapena bizinesi khalani pansi ndi ana anu ukwati usanachitike, mulembe wilo yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri monga likunenera lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo kope lina lisungidwe kunja kwa nyumbayo.

Ife,
Okonza mafoni ndi ma ejenti ena,
Mangochi Boma