Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za chikhalidwe: Tiuzeni zoyenera kutsata tisanakande simenti

Olemekezeka a Nduna,

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Ndikulemba ngati munthu amene anaonongapo nyumba yakale ndi manja akewa.

Zaka zingapo zapitazo anandiitana kukakonza kanyumba ka nthawi ya amishoni, kunja kwa mzinda uno. Njerwa zake zinali zofiira, zoumba pamanja, zina zikuonekabe zala za amene anaumba, ndipo anazimanga ndi dothi. Eni ake anati akufuna kaoneke kamakono. Ndinamata pulasitala wa simenti khoma lonse, kuzula mawindo a matabwa n'kuika achitsulo. Anandilipira, tonse tikumwetulira. Patapita madzinja atatu ndinadutsako: pulasitala atafufuma, ndipo nditagogoda ndi chala, njerwa zinayoyoka ngati ufa. Chikomekome cha mkuyu. Khoma lakale limapuma. Simenti imatsekera chinyontho m'kati, ndiye mvula yathu ya kuno mukuidziwa. Pamafunika laimu. Ndikanakhala ndi pepala lonena zimenezo, bwenzi nditawaonetsa eni akewo n'kukana.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga ena amene amati boma likulowerera za eni likamaika zoyenera kutsata pa malo otere. Lamulo la 1990 loteteza malo ndi zinthu zamakedzana limaletsa kugwetsa kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo cha Nduna, ndipo wopeza zinthu zakale pokumba amayenera kukanena. Mphamvu imeneyo ndi yanu, ndipo igwiritseni ntchito. Kumpoto kuno zoteteza zilipo: Livingstonia, komwe Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, ndi nyumba yake ya miyala ya Stone House ya 1903, Bandawe wa 1881, Ekwendeni wa 1889, pakhomo pathu pomwepa. Ngakhale Mzuzu weniweniyu, amene anayamba ngati esiteti ya mitengo yotulutsa mafuta ya tung m'ma 1940 n'kudzakhala mzinda mu 1985, ali ndi tinyumba take toyamba timene tikupanikizika pakati pa mashopu atsopano.

Koma bwana, chilolezo chongoti "inde" kapena "ayi" sichithandiza ife ogwira fosholo. Chinene mwatchutchutchu: jambulani zithunzi musanakhudze chilichonse, khoma ili musamate simenti, denga musinthe malata koma mitengo yabwinobwino isiyeni, mukakumba maziko n'kupeza mapale kapena mafupa imani kaye muitane akatswiri. Zilembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, pakuti amene amakwera pa sikafodi si amene amawerenga Chingerezi cha maloya.

Ndipo zibwere msanga, pa nthawi imene pulani ikudindidwa ku khonsolo. Kuimitsa ntchito khoma litafika pa linta n'kupha mmisiri: simenti yagulidwa kale, anyamata aganyu akudikira ndalama zawo Loweruka. Mndandanda wa malo otetezedwa upachikidwe ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Mzuzu ndi m'makhonsolo, kuti munthu asakwere basi mpaka ku Lilongwe kukangofunsa ngati khoma ili n'lololedwa kuligwira.

Chomaliza, lamulolo lisaope mathirakitala. Wokonza msewu kapena womanga loji ya alendo amafafaniza pa tsiku limodzi zimene ine sindingaononge pa chaka. Ngati ine mundiuza kuti ndiime ndikapeza phale, naye aime.

Kanyumba kaja kakadalipo, khoma lakumadzulo lachirikizidwa ndi mitengo ya bulugama. Akatswiri anu akafuna kukaona, ndiwaperekeza ndine.

Ine wanu,
Mmisiri wa ku Chibavi, Mzuzu