Ma DJ athu, chimbale chimamveredwa chonse

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Nchalo kuno komwe dzuwa silinyengerera munthu. Dandaulo langa likupita kwa ma DJ apawailesi, akati aike nyimbo za gulu loimba la ku England la Pink Floyd amangotola kanyimbo kamodzi basi, osadziwa kuti chimbale cha The Wall cha 1979 ndi nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ya munthu amene akudzimangira khoma kuti atalikirane ndi anzake, ndiye kuidula pakati zili ngati agogo ayambe nthano ife tiyankhe "tili tonse" iwo nkukagona.

Anyamatawa anayambira ku London mu 1965. Syd Barrett yemwe ankapeka nyimbo zambiri mutu unasokonekera, anachoka mu 1968 David Gilmour nkutenga malo ake. Chimbale chawo china cha The Dark Side of the Moon cha 1973 ine ndinachimvera pa kaseti ya amalume ku Bangula, tepi ikatafunidwa tinkaikulunga ndi bolopeni. Roger Waters, woimba gitala ya bass m'gululi, anachoka mu 1985, mkangano wake mpaka kukhoti abale, koma anadzaimbanso limodzi mu 2005 pa konsati yaikulu ya Live 8.

Tipatseniko ola limodzi usiku chimbale chilire chonse, nanga tulo tikubwera ngati ndi udzudzu wakunowu?

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Nchalo