Mbiri ya sukulu ya sekondale ya Dedza ilembedwe

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse awerengi za sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene ambiri amangoitchula kuti Box 48. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1951, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo inali sekondale yoyamba kumangidwa ndi boma lenilenilo, pakuti ya Blantyre ya mu 1940 ndi ya Zomba Catholic ya mu 1942 zinayambitsidwa ndi mipingo.

Anaimanga kunja pang'ono kwa tauni, m'dera la mapiri kumene chisanu cha mwezi wa June sichinyengerera munthu, ndipo anyamata osankhidwa kuchokera m'zigawo zonse ankagonera konko, Mtumbuka, Myao ndi Mchewa kudyera mbale imodzi ufulu wodzilamulira wa 1964 usanafike. Malemu Bingu wa Mutharika ndi mmodzi mwa amene anaphunzira kumeneko.

Pempho langa kwa unduna wa zamaphunziro ndi bungwe la ophunzira akale ndi lakuti asonkhanitse zithunzi, mabuku a mayina ndi mapulani a nyumba zoyambirira, afunsenso nkhalamba zimene zinaphunzira m'zaka zoyambazo zikadali moyo, kenaka zonsezi zikasungidwe ku National Archives ku Zomba.

Wowerenga wanu,
Lilongwe