Zaka 14 za Lin Yunhua zinathera kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mfundo yoti anthu ochita umbanda m'magulu azigamulidwa zaka zambiri. Sindikutsutsa, koma pa nkhani ya nyama zakutchire lamulo lokhwima tili nalo kale. Kuyambira 2017, wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga za chipembere kapena ngaka atha kukaseweza mpaka zaka 30.

Makhothi anachita mbali yawo. Lin Yunhua, mzika ya ku China yemwe ankatsogolera gulu lozembetsa zinthu zimenezi, anamangidwa mu 2019, ndipo mu 2021 khothi ku Lilongwe linamugamula zaka 14 pa milandu ya nyanga za chipembere komanso kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. Mkazi wake anali atalandira kale zaka 11. Tinaomba m'manja. Mu July 2025 tinangomva kuti bamboyu ali m'gulu la akaidi omwe Lazarus Chakwera, Pulezidenti wa nthawiyo, anawakhululukira, asanakwanitse ndi theka lomwe la chilango chake.

Tsono taganizirani mnyamata wa kumudzi kufupi ndi paki ya Liwonde, wogwidwa ndi ngaka m'thumba la ufa ali pa kabaza. Bwana womutuma samudziwa nkhope, amangodziwa nambala ya foni ndi tindalama tomwe anamulonjeza. Iyeyu loya alibe, mlandu amauvomera tsiku lomwelo, ndipo amakagona chokhala m'chitolokosi chodzadza, mkazi wake akugulitsa tomato kuti apeze thiransipoti yokamuonera. Tikangoonjezera zaka m'malamulo, amene adzaziseweze zonse ndi ameneyu. Mawa lake gulu lija limapeza mnyamata wina, poti osowa pogwira ndi ambiri.

Aphungu athu akhwimitse pomwe pali kulephereka. Mtsogoleri wa gulu lotere asamalowe pa mndandanda wa okhululukidwa, ndipo komiti yomwe imalangiza Pulezidenti izitiuza mayina ndi zifukwa zake poyera. Chachiwiri ndi chuma. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limalola boma kulanda katundu wopezeka kudzera mu umbanda. Nyumba, magalimoto ndi ndalama zakubanki zizilandidwa, chifukwa ndi zomwezo zimene zimagula maloya, mboni, ngakhalenso ena ovala yunifolomu.

Alonda a kupaki omwe amagona m'thengo ndi apolisi omwe anafufuza mlandu wa Lin akuyenera kuuzidwa chomwe anamukhululukira.

Wowerenga wanu,
Liwonde, Machinga