Mayunivesite akunja azilankhula ndi ife olipira fizi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mayunivesite akunja amene amatsegula nthambi m'maiko mwathu muno, makamaka momwe amaitanira ophunzira. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka, ndipo wachisamba wanga anamaliza Giredi 12 chaka chatha. Chitulukireni zotsatira zake, maso anga sachoka pa zikwangwani za m'mbali mwa Great East Road.

Mwezi watha ndinapita naye ku hotela ina m'tauni, kumene yunivesite ina yakunja inaitana makolo. Dzina lake sinditchula. Anatilandira bwino ndithu, tiyi ndi mabisiketi, kenako anatigawira timabuku tonyezimira: achinyamata akuseka pa kapinga, kumbuyo kwawo nyumba zakale zamiyala za kwawoko. Komatu mwana wanga sakapondako pa kapinga ameneyo. Akaphunzira mommuno mu Lusaka, m'nyumba imene sanationetse ngakhale chithunzi chake. Ndinafunsa mtsikana wa patebulo kuti, "Mwanawe, nanga aphunzitsi adzachokera kuti?" Anayang'ana mnzake, nkundiuza kuti ndisiye nambala adzandiimbira. Fizi inali m'madola, m'tizilembo ting'onoting'ono patsamba lomaliza.

Amene amakonza malonda otere amayesa kuti wogula ndi mwana. Mwana amasirira, inde, ndipo pa TikTok ndi Facebook amamupeza mosavuta. Koma ndalama zimachokera kwa amayi ake a pa Soweto Market, kwa amalume a ku Chipata amene agulitsa soya, kwa azakhali amene amatumiza kangachepe kuchokera ku Johannesburg. Banja lonse limakhala pansi nkukambirana, ndipo mafunso athu si a kapinga ayi.

Tikufuna kudziwa ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority (HEA), bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, komanso ngati maphunziro enieniwo, osati dzina la sukulu lokha, anavomerezedwa. Tikufuna kudziwa ngati ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro, idzalizindikira pepalalo, ndiponso ngati womaliza uinjiniya adzalandiridwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya, wa zaumoyo ku HPCZ, bungwe la ogwira ntchito zaumoyo. Zimenezi zizilembedwa pachikwangwani penipeni, m'zilembo zoti munthu ali m'minibasi awerenge. Ana ambiri atha zaka zinayi akuwerenga usiku, nkudzamva pofunsira ntchito kuti pepala lawo ndi lopanda mphamvu. Kholo lililonse mu Lusaka linamvapo nkhani yotero, nchifukwa chake timachita mantha.

Za madola ndiye zimandiwawa kwambiri. M'chaka cha 2020 chokha dola inachoka pa makwacha pafupifupi 14 kufika cha m'ma 21. Taganizani bambo amene analonjeza mwana wake digiri mu Januwale, pofika Disembala fizi yakwera ndi theka pamene malipiro ake ali pomwepo. Yunivesite imene ingaimirire nkunena kuti fizi yake ndi ya m'makwacha, sidzasintha mpaka mwana atamaliza, ndipo titha kulipira pang'onopang'ono, imeneyo sidzavutika kutsatsa. Amayi adzauzana okha kutchalitchi ndi ku chilimba.

Pali funso lina limene otsatsa salifuna: mukadzachoka, ana athu adzatani? Si funso lachipongwe. Monash University ya ku Australia inatsegula nthambi ku Johannesburg mu 2001, koma pofika 2019 sukuluyo inali itagulitsidwa, ndipo dzina lasintha. Ngati zinachitika kwa yunivesite yayikulu chotero, nafenso tili ndi ufulu wofunsa, ndipo yankho lilembedwe papepala limene tisayinirane.

Sindikudana nawo alendowa, musandimve molakwa. Yunivesite ya Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 dziko lili ndi anthu osakwana 4 miliyoni, lero tapitirira 20 miliyoni, ndipo malo m'mayunivesite aboma sakwanira. Kuphunzira pafupi ndi kwathu kumapulumutsa ndalama za ndege, za viza ndi za lendi, mwana nkumadya nsima ya pakhomo. Carnegie Mellon ya ku America ili ku Kigali kuyambira 2011 mogwirizana ndi boma la Rwanda, ndipo mbiri yake imayenda ndi ophunzira ake omwe akugwira ntchito m'maiko osiyanasiyana. IIT Madras ya ku India nayo inatsegula ku Zanzibar mu 2023. Zotheka zilipo.

Ndiye amene mukubwera kuno, tibweretsereni mphunzitsi weniweni amene adzaime m'kalasi, timufunse tokha. Titsegulireni chipata tione laibulale ndi labu, tione ngati pali sola kapena jenereta, popeza mdima wa 2024, magetsi atasowa madzi atachepa ku damu la Kariba, sitinauiwale. Pitani pa wailesi mukalankhule m'Chinyanja ndi m'Chibemba, agogo olipira amve okha. Fikaninso ku Katete ndi ku Petauke, musathere pa Manda Hill muno mu Lusaka.

Papita masabata anayi tsopano, foni ija sanaimbe. Mwana wanga akasungabe kabuku kaja pansi pa pilo, ndipo madzulo alionse amandifunsa ngati ndaganiza. Ndamuuza kuti Lolemba tipita limodzi ku ofesi ya HEA tikafunse kaye.

Mayi wodera nkhawa,
Chelstone, Lusaka