Ndisayine fomu ya kafukufuku mobisa kapena ndimvere bambo a kunyumba?

Zikomo Anti,

Ndine mayi wa zaka 44, ndili ndi ana atatu ndipo ndisanadwale ndinkagulitsa kaunjika. Ndili ndi khansa ya m'mawere. Bere lakumanzere anandichotsa, kemo, mankhwala amphamvu a khansa aja, ndinalandira mpaka tsitsi lonse kuthothoka, ndiye ndimvekere basi zatha, koma patapita nthawi msana unayamba kuwawa ndipo atandijambula anapeza kuti yalowa m'mafupa, ija amati stage 4. Adokotala sanandibisire, anati ikafika apa sichira koma mankhwala amaibweza mphamvu kuti isathamange. Pano ndimamwa mankhwala a khansa otchedwa tamoxifen tsiku ndi tsiku, usiku ululu ukanyanya ndimamwa morphine wamadzi uja wam'botolo. Zimenezo ndinalira nazo mokwanira ndipo ndinazivomereza.

Yandisowetsa tulo ndi iyi. Mwezi watha ku kliniki anesi ena anandiitanira pambali nkundiuza kuti pali kafukufuku wa amayi odwala ngati ine. Akufuna azindifunsa mafunso, atenge magazi kabotolo kakang'ono ngati chala, komanso ayezenso kanyama kaja anandidula pabere poyeza ngati ndi khansa, ija amati biopsy. Anandiuza mosapsatira kuti izi sizindichiritsa, ndikakana chithandizo changa chipitirira chimodzimodzi, olo nditasayina nditha kusiya tsiku lililonse, dzina langa silituluka, ndipo ya transipoti amabweza. Anatinso kafukufuku wa zaumoyo kuno sayamba asanavomerezedwe ndi komiti yoteteza anthu olowa mu kafukufuku ngati NHSRC kapena COMREC. Fomu anandipatsa ya m'Chichewa kuti ndikawerenge kunyumba modekha.

Nditawaonetsa bambo a kunyumba anakanitsitsa. Akuti iwe magazi ako ndi ochepa kale, kemo inakumaliza, ndiye akupopenso? Akuti anthuwa akungofuna kuphunzirira pa thupi langa poti aona kuti ndatha. Apongozi ndiye anachita kuwirikiza, iwo kwawo ndi ku Mulanje ndipo nkhani ya anamapopa ija ya 2017 sinawachoke m'mutu mpaka lero, akuti magaziwo akukagulitsa kunja.

Anti musawaone ngati ankhanza bambowa ayi. Ndi iwowa amanditembenuza usiku msana ukakana, amanditenthetsera madzi osamba, njinga yawo ya kabaza anagulitsa kuti ndizipeza yoyendera kuchipatala. Amayi ena amene timakhala nawo pa benchi ku kliniki amuna awo anathawa bere litangochotsedwa. Ndiye kuwachita zakumbali mtima ukundiwawa.

Koma inetu ndikufuna kulowa. Anesi aja anati funso lina ndi lakuti panatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera pomwe ndinamva kachotupa kufika pomwe anandiyeza bwinobwino, ndipo Anti misozi inalengeza chifukwa palibe anandifunsapo zimenezo. Kanali kakang'ono ngati nzama, kosawawa olo pang'ono, ku health centre kwathu anandipatsa panado ndi maantibayotiki ati ndi chithupsa, ndinapita katatu konse, kenako azakhali ananditengera kwa asing'anga nkunditemera mphini pabere pomwepo, chaka chinatha ndi miyezi pamwamba kufikira khungu linayamba kuchita timaenje ngati khoko la lalanje. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 19 ndi ang'ono anga awiri. Ndikufuna zimene zinandichitikirazi zilembedwe penapake pomwe madokotala aziwerenge, kuti wina akabwera ndi kanzama kake asamubweze ndi panado.

Fomuyo ili m'Baibulo langa sabata yachitatu tsopano, ndipo Lachinayi likubwerali ndi tsiku langa la kliniki. Anesi anati wosayina ndine, sipafunika chilolezo cha mwamuna, komanso anati ndikhoza kubwera nawo bambowo adzafunse okha mafunso awo, koma ndawapempha kawiri akungoti zimenezo tinakambirana kale. Kodi ndisayine mwakachetechete, nanga akadzazindikira okha? Ndiitane ankhoswe kapena abusa pa nkhani ya magazi anga omwe? Ndiwalankhule bwanji kuti amve kuti sindikuwanyoza? Chonde ndiyankheni msanga.

Ine mayi wa ana atatu,
Lilongwe