Kwa Tamanda, za mtanda wathu uja

Wokondedwa Tamanda,

Kalata yako yandipeza. Ndathokoza Mulungu kuti Chisomo wachira bwino ndi mwana wamkazi, umuuze kuti tinsalu ndikutumiza. Koma iwe ndiwe munthu wotani? Tsamba lonse kudandaula mtengo wa shuga, nkhani ya mtanda wa kutchalitchi n'kuiponya kumapeto pamodzi ndi moni! Ukuti chiswe chadya mapazi a Ambuye Yesu mpaka m'mawondo, ndipo a komiti akufuna kukagula wina wapulasitiki ku Lilongwe. Tamanda, usalole. Tamva kaye zomwe ndaona kuno.

Loweruka ndinali pa ofu, ndiye ndinakwera sitima yapansi kupita ku South Kensington, ku myuziyamu ya Victoria and Albert kuno ku London. Pakhomo salipiritsa, koma tiyi wa m'katimo ndi wodula zoopsa, ndipo nsapato zija unandikakamiza kugula ku Limbe zinandituluka matuza. Pobwera ndikubwezera, uzivale wekha.

Muli chipinda china chachitali kuposa tchalitchi chathu, chodzaza ziboliboli zapulasitala zotengera zenizeni za m'maiko ena. Chomwe chinandigwira ndi khomo la tchalitchi cha Santiago de Compostela ku Spain, losemedwa ndi mmisiri wotchedwa Mateo m'chaka cha 1188. Pamwamba pake pakhala akuluakulu 24 a m'buku la Chivumbulutso, zoimbira zili m'manja, ena atatembenukirana ngati akunong'onezana nyimbo isanayambe. Ndinakumbukira a Nabanda ndi a Nasibeko pa benchi la kwaya. Ndiye pali mneneri Danieli, wachinyamata, akumwetulira pakati pa aneneri ankhope zolimba. Munthu anatenga mwala wouma n'kuumwetulitsa, ndipo mpaka lero ukaimapo nawenso milomo imayamba kumasuka.

Koma chomwe chinandiliza ndi china. Yesu wamtengo atakwera bulu, wochokera kumwera kwa Germany, wa cha m'ma 1480. Si wamkulu kwenikweni, utoto unasuluka, dzanja lamanja analikweza kudalitsa. Kale pa Lamulungu la Kanjedza anthu ankamuika pa kangolo n'kumamukoka m'misewu ya m'tauni yawo, ana akuimba Hosana, ena akumuyalira nthambi. Lero ali chiimire, osakhudzidwa, alonda ali pambali. Anthu amadutsa, kujambula ndi foni, ulendo. Amamusamala bwino, chiswe sichingamufike, ndipo pa chimenecho ndikuwayamika, chifukwa popanda iwo ine sindikanamuona. Komabe amene anamusema anamusemera khamu la anthu oyenda naye. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kenako ndinachita chizindikiro cha mtanda. Mayi wina wachikulire amene anali pafupi anandiona, nayenso anachita chomwecho.

Ndiye ndimati, azungu akusunga mtengo wa zaka zoposa 500 umene palibe amaupempherera pansi pake, ife tikufuna kutaya wathu umene agogo ako anaupsompsona Lachisanu Loyera lililonse mpaka bondo lake linachita kusalala! Wapulasitikiyo ali ndi maso obiriwira ndi tsitsi la mzungu, amatuluka m'makina mazanamazana, onse nkhope imodzi. Dzuwa la Okutobala likalowa pawindo paja adzang'aluka. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikuona a komiti akumaliza ndi mtanda, n'kuyamba Amayi Maria, kenako Njira ya Mtanda yonse, ng'oma za kwaya n'kugulitsa. Ndidzabwera ine osadziwa pogwada.

Mua si kutali. Mishoni ija ilipo kuyambira 1902, ndipo ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene anayambitsa bambo Claude Boucher Chisale mu 1976, kuli amisiri osema Yesu wankhope ya kwathu ndi mitengo ya kwathu komweko. Munthu wodziwa sompho ndi tchizulo akhoza kuona ngati mapaziwo angasemedwenso n'kulumikizidwa, mtengo wonse n'kuuthira mankhwala. Uwauze a katekisiti, ndipo ukalankhule ku mphakati a komiti asanapite kwa bambo mfumu. Ya basi ndilipira ine, ya mmisiri tisonkherana ndi anzathu a kuno. Usandiuze kuti ndiwe wamanyazi. Amene unakalipira kondakitala pa Kamuzu Road chifukwa cha chenji ndiwe.

Za maliro a malume ako ndinamva kwa Mphatso. Pepa mnzanga, ndidzalemba bwino za zimenezo. Kuno kukuda msanga, hita ya m'chipinda changa ikulira usiku wonse ngati chigayo, ndipo ndikulowa ntchito ya usiku posachedwa. Undijambulire mtandawo mbali zonse, makamaka kumbuyo kumene chiswe chinalowera, chifukwa ngati sichinafike pachifuwa ndiye kuti

Pepala latha. Moni kwa onse.

Ine mnzako,
Thoko